Mipukutu yoterereka ndi filimu yopindika pa makina omatira PET ndi PE

Dandaulo linachokera kwa kasitomala yemwe amalongedza soya pieces. Makina ake ndi aja oimirira, omwe amakoka filimu ya pulasitiki pa mpukutu, kuipinda pa kolala kuti ipange thumba, kuthiramo katundu, kenako kumata ndi moto pansi ndi pamwamba. Iye ankati filimu yathu ikukana kukwera pa kolala: m'mphepete mukupindikira mkati, msoko wakumsana kwa paketi ukukhota, ndipo mapaketi ena akutuluka ndi timizere toyera topingasa, pomwe mapulasitiki awiri omatidwa omwe amapanga filimuyo alekana. Si mipukutu yonse inkachita izi. Ina inkayenda bwino mpaka kutha, ina inkayamba bwino n'kudzavuta pakati, ina inkavuta ikangoikidwa kumene. Kuiona ndi maso yonse inali yofanana, ndipo yonse inali ya oda imodzi.

Kufakitale kwathu ku Blantyre nakonso kunali chipsinjo chake. Mipukutu ikuluikulu yochoka pa makina omatira inkaterereka cham'mbali ili m'chipinda choumitsira guluu. Madzulo yaikidwa ili yoongoka, m'mawa mupeza mbali imodzi yatumphuka, maleya a pafupi ndi chubu atulukira panja, mbali inayo alowa mkati. A ku ofesi ankaziona ngati nkhani ziwiri zosiyana, ndipo poti kasitomala anatchula za kulekana kwa filimu, onse analoza chala guluu. Lipoti lino likufotokoza zomwe tinapeza titayamba kuyeza tenishoni, mphamvu yomwe filimu imakokedwa nayo pochoka pa mpukutu wina kupita pa unzake.

Katundu ndi makina

Filimuyi ndi ya mapulasitiki awiri. Kunja kuli PET (polyester, pulasitiki yolimba) ya maikuloni 12 (maikuloni 1,000 ndi milimita imodzi), yosindikizidwa cham'kati kuti inki isakalike. Mkati muli PE (polyethylene, pulasitiki yofewa) ya maikuloni 60, yomwe imasungunuka n'kumata paketi. Kuphatikiza inki ndi guluu, zonse zimakwana pafupifupi maikuloni 74. M'lifupi ndi mita imodzi. Guluu ndi wa polyurethane, wosakaniza mitundu iwiri, wopanda solvent. Safuna uvuni woumitsira, n'chifukwa chake mafakitale ambiri amamukonda, koma amachoka pa makina akadali wamadzimadzi. Amalimba pang'onopang'ono, ndipo pamadutsa tsiku kapena masiku awiri filimu isanaloledwe kudulidwa. Nthawi yonseyo PET ndi PE zangogundana chabe, sizinagwirane. Chozisunga pamalo pake ndi momwe mpukutu wamangidwira basi.

Makinawo ali ndi zigawo zitatu, chilichonse ndi tenishoni yakeyake. PET imafunyululidwa pa shafiti yoyamba n'kudutsa popaka guluu. PE imafunyululidwa pa shafiti yachiwiri. Ziwirizi zimakumana pa nip, pomwe rola yachitsulo ndi ya labala zimapanikizana, ndipo kuchoka apo filimu yomatidwa imakakulungidwa pa chubu cha katoni cha mainchesi 6, chomwe kunja kwake ndi pafupifupi mamilimita 172. Shafiti yokulungira imazungulitsidwa ndi mota kuchokera pakati, ndipo pamwamba pa mpukutu pamagona rola yopanikiza yokankhidwa ndi masilinda awiri a mpweya. Shafiti ya PE imagwiridwa ndi buleki ya ufa wa maginito: magetsi akachuluka mu koyilo, ufa wachitsulo umagwirana, buleki n'kulimba. Liwiro linali mamita 200 pa mphindi, ndipo mipukutu ya PE ndi yomatidwa yomwe inkafika dayamita ya mamilimita 600.

Guluu sitinangomudumpha. Tinatapa mitundu iwiri ija m'makapu n'kupima pa sikelo, muyezo wake unali wolondola. Kuchuluka kwa wopakidwa pa filimu kunali momwe wopanga analembera. Peni ya dyne ya 38 sinachite madontho pa mbali yokonzedwa ya PE, kusonyeza kuti guluu ali ndi pogwira. Pa zidutswa zosapindika, kuyesa kulekanitsa PET ndi PE kunkang'amba PET yomwe. Nkhani ya guluu inathera pomwepo.

Kupindika kunkayambira pa shafiti ya PE

Tinadula zidutswa ku mipukutu yobwezedwa, kuziyala pa tebulo, n'kucheka mtanda wa X ndi lezala pakati pa chilichonse. Filimu ikamatidwa bwino, nsonga zinayi za mtandawo zimagona, kapena kudzuka pang'ono chabe. Pa zathu, nsonga ziwiri zoloza komwe filimu imayendera zinkadzipinda mpaka kupanga kachubu, ndipo nthawi zonse zinkapindikira ku mbali ya PE. Guluu woipa amalekanitsa filimu, koma alibe mphamvu yoipinda. Chopinda ndi pulasitiki imodzi yomwe inamatidwa itatanuka kuposa inzake.

Telala akamasoka lasitiki m'chiuno mwa siketi, amaikoka kaye n'kuisokera pa nsalu ili chikokere. Akaisiya, lasitiki imabwerera, nsalu n'kuchita makwinya. Pano lasitiki ndi PE, nsalu ndi PET. PE ikalowa mu nip itakokedwa kwambiri, ikangopeza mpata imafuna kubwerera. PET siifupika, ndiye imapindikira ku mbali ya PE, kapena, ngati guluu sanalimbe, imadzuka pamalo ena n'kusiya kangalande kopingasa. Timizere toyera ta kasitomala tinali tingalande timeneti.

Masamu ake ndi aafupi. Kutanuka kwa filimu kumapezeka pogawa tenishoni ndi kuuma kwake, ndipo kuumako ndi modulus (nambala ya kuuma kwa mtundu wa pulasitiki) kuchulukitsa ndi kukhuthala. PET ili ndi modulus ya pafupifupi 4,000 MPa. Pa maikuloni 12 zimatuluka 48,000 N (ma newton, muyezo wa mphamvu) pa mita ya m'lifupi. PE yofewa ili cha m'ma 200 MPa. Pa maikuloni 60 zimatuluka 12,000 N pa mita. Ndiye PE, ngakhale ili yokhuthala kasanu, imatanuka kanayi kuposa PET ikakokedwa ndi mphamvu yofanana. PET yathu inkayenda pa 100 N, kutanthauza kutanuka kwa 0.2 peresenti, mamilimita 2 pa mita iliyonse. Kuti PE itanuke mofanana imangofuna 25 N. Ikakokedwa pa 85 N, monga zinkachitika pa makina athu, imatanuka 0.7 peresenti, mamilimita 7 pa mita. Mamilimita 5 osiyanawo sangangosowa, ayenera kudzaonekera penapake.

Chosocheretsa n'chakuti 85 N si yambiri kwa PE ili payokha. Lamulo lomwe ambiri timayendera ndi loti filimu izikokedwa pakati pa 10 ndi 25 peresenti ya mphamvu yomwe imayambira kutanuka kosabwerera, ndipo PE ya maikuloni 60 imafika pamenepo cha m'ma 600 N pa mita. Pa 85 N filimu imaoneka yosiririka, yokungika, yopanda khwinya ngakhale limodzi. Opareta akaimenya ndi chikhatho imalira bwino. Pa 25 N imaoneka yolobodoka, ndipo munthu wokonda ntchito yake manja amamuyabwa kuti awonjezereko.

Koma pa pepala la ntchito panalembedwa 25, nanga 85 inkachokera kuti? Titatsegula bokosi la kontirola tinapeza buleki ya PE ili pa manual. Ikakhala pa auto, load cell, kachida komangidwa pa rola, imayeza tenishoni ndipo kontirola imachepetsa magetsi a buleki mpukutu ukamachepa. Pa manual buleki imagwira ndi torque (mphamvu yozungulitsa) imodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tenishoni ndi torque kugawa ndi theka la dayamita. Mpukutu wodzaza theka lake ndi mamita 0.3, choncho 25 N imafuna torque ya 7.5 Nm. Torque yomweyo ikafika pa chubu, pomwe theka ndi mamita 0.086, imatulutsa 87 N. Batani palibe walikhudza, koma tenishoni yakwera kuposa katatu.

Apa ndi pomwe tinamvetsa chifukwa chake mipukutu yabwino ndi yoipa inkasakanikirana. Tenishoni siikwera mofanana ulendo wonse. Mpukutu wa PE wa mamilimita 600 uli ndi pafupifupi mamita 4,300, ndipo tenishoni imawirikiza kawiri dayamita ikatsika kufika pa 300; pamenepo pamakhala patatsala mamita osakwana 800. Kuonongeka kwenikweni kuli m'mamita omalizawo, mphindi zinayi zokha pa liwiro lathu. Kuwonjezera apo, mpukutu womatidwa umadzaza pa mamita 3,500 pomwe wa PE umatha pa 4,300, ndiye nthawi zosinthira sizikumana. Gawo loipa lija ulendo uno ligwera kunja kwa mpukutu womatidwa, ulendo wina pakati, wina pafupi ndi chubu. Pa makina odulira limagawikanso m'timipukutu ting'onoting'ono. Kasitomala akamati vutoli limangobwera mwachisawawa ankanena zomwe ankaona, koma ndondomeko yake inalipo, pa shafiti yomwe iye sanaionepo.

Chomwe chinachotsa buleki pa auto

Opareta wamkulu wa shifiti ya masana, bambo amene wakhala pa makinawa zaka zambiri, sanabise. "Auto ija inafa kalekale, amisiri. Mukaiyatsa pepala limangolendewera mpaka kukwawa pansi." Iwo anali ndi njira yawo: mpukutu ukamatsika ankapotoza batani pang'onopang'ono, maso ali pa filimu, ndipo pa shifiti yawo katundu ankatuluka wabwinoko. Akapita kukaona guluu, kapena ikakhala shifiti ya anyamata atsopano, batani linkakhala pomwe lasiyidwa.

Ankanena zoona, ndipo chifukwa chake tinachipeza ndi chingwe. Tinaimitsa makina, kuchotsa filimu, n'kudutsitsa chingwe pakatikati pa marola motsata njira yeniyeni yomwe PE imadutsa. Mbali ina tinamanga pa chitsulo, mbali ina tinapachika chigubu cha madzi chomwe tinachipima pa sikelo kuti chikwane makilogalamu 5. Kulemera kumeneko ndi 49 N. Sikirini inaonetsa pafupifupi 70. Titachotsa chingwe, rola ili yokhayokha, inaonetsa 20. Rola ya pa load cell inali itasinthidwa m'mbuyomo bering'i itafa, panabwera ina yolemerako, koma ziro sinakonzedwe. Ndiye pa auto, kontirola ikauzidwa 25 inkaona ngati 20 ilipo kale, n'kupereka 5 N yokha. Filimu ikanaleka bwanji kulendewera?

Ma load cell akewo ndi a 500 N iliyonse, oyenera katundu wolemera ngati pepala lokhuthala. Kuyeza 25 N ndi chida chotere n'kugwiritsa ntchito kachigawo kakang'onong'ono ka muyezo wake, moti ziro ikangolakwika pang'ono imameza nambala yonse. Tinakonza ziro ndi muyezo, ndipo tinalemba kuti agulidwe ang'onoang'ono oyenera filimu zofewa. Wina anafunsa ngati sikukanakhala bwino kuika dancer, rola yolendewera yomwe imakwera ndi kutsika filimu ikalimba kapena kumasuka. Dancer imameza bwino kugwedezeka kwa mpukutu wosazungulira mowongoka, koma pa tenishoni yochepa chonchi kulemera kwa mkono wake ndi kukakamira kwa silinda zimasokoneza, komanso siiuza munthu nambala. Vuto lathu linali la nambala.

Marola oyenda okha a pakati pa load cell ndi nip tinawazungulitsa ndi dzanja imodziimodzi. Yabwino imapitiriza kuzungulira ukaisiya. Awiri ankaima pomwepo, guluu wouma atalowa m'mabering'i. Rola yotere imawonjezera tenishoni yomwe load cell siiona, poti filimu imafikapo itadutsa kale poyezera. Pa filimu yoyenda pa 200 N n'zosadandaulitsa. Pa 25 N ma newton ochepa okha ndi kusintha kwakukulu. Buleki nayo tinaitsegula. Ufa unali utayamba kuundana, zomwe zimachitika ukatentha nthawi yaitali kapena chinyezi chikalowa, ndipo buleki yotero imagwira modukizadukiza. Tinathira watsopano molingana ndi muyezo wa wopanga.

Masamu anangotipatsa poyambira, chifukwa modulus ya PE si nambala imodzi. Imasintha ndi mtundu wa timibulu tomwe tasungunulidwa, kuchuluka kwa LLDPE (mtundu wina wa PE) yosakanizidwa, ndi kutentha. PE ya m'mawa wa June ndi ya masana a October sizitanuka mofanana. Tinayambira pa 25 N, n'kumacheka mtanda wa X pa chidutswa cha pamapeto a mpukutu uliwonse, kusintha pang'onopang'ono mpaka nsonga zitagona. Tinakhazikika pa 30 N kwa PE ndi 100 N kwa PET.

Kuterereka kwa mipukutu

Tingalande tinachepa, koma mipukutu inapitiriza kutumphuka. Iyi tsopano inali nkhani ya shafiti yokulungira.

Kumeneko kontirola inali pa auto ndipo load cell inkanena zoona, koma taper, yomwe imachepetsa tenishoni mpukutu ukamakula, inali pa ziro, ndipo aopareta anali ndi chizolowezi chawo. Ankayamba mpukutu pa 90 N poopa makwinya pa chubu. Ukamakula, akaona m'mbali mukuyamba kusalingana, ankakweza mpaka 180 N. Maganizo ake ndi omveka: chamasuka, chimange. Koma chotuluka ndi mpukutu wofewa mkati, wolimba kunja.

Pa makina okulunga kuchokera pakati, mphamvu ya mota imalowera pa chubu, ndipo iyenera kudutsa leya iliyonse kuti ikafike pa filimu yomwe ikulowa kunja. Pa 180 N ndi theka la dayamita la 0.3, torque ndi 54 Nm. Maleya oyandikana ndi chubu, pa 0.086, ayenera kunyamula torque yonseyo, yomwe pamalopo ndi mphamvu yoposa 600 N, chonsecho iwo anakulungidwa mofewa pa 90 N. Amaterereka mozungulira, ndipo leya ikangoterereka mozungulira imayendanso cham'mbali. Tinazionetsa ndi maka. Mpukutu utafika pakati tinaimitsa makina, kujambula mzere woongoka m'mbali mwake kuchoka pa chubu kufika kunja, n'kupitiriza kukulunga. Utadzaza, mzere uja unali utakhota pafupi ndi chubu, wapanga chilembo cha J. Aopareta a mashifiti onse anabwera kudzaona, ndipo mtsutso wa 180 unathera pa mzere umenewo.

Mpukutu wabwino umamangidwa molimba pa chubu n'kumafewa pang'onopang'ono popita kunja. Ntchito ya taper ndi imeneyo. Tinaika 140 N poyambira ndi taper ya 25 peresenti, kuti uzimalizira pa 105 N. Torque yomaliza inatsika kufika pa 31.5 Nm, pomwe maleya oinyamula ndi olimba kuposa kale. Makwinya a pa chubu omwe ankaopedwa aja sanali a tenishoni: ankabwera ndi machubu onyowa ndi opindika, osungidwa pansi pafupi ndi khomo, komanso tepi yomatidwa mopendekeka poyambira. Kagawikidwe ka mphamvu mkati mwa mpukutu akatswiri anakawerengera kale, ndipo njira yomwe Zbigniew Hakiel wa ku Kodak anafalitsa mu 1987 ndi yomwe mapulogalamu ambiri a kompyuta a ntchitoyi amayambirapo. Ife tinalibe pulogalamu yotero. Maka ndi kamtengo kogogodera zinagwira ntchito.

Taper isapitirire. Pa guluu wopanda solvent, kunja kukafewa kwambiri PE imapeza mpata wobwerera guluu asanalimbe, tingalande n'kudzukanso m'maleya akunja. Kukoka mopyola nako kumafinyira guluu m'mbali, kumatitsa maleya, kapena kuphwanya chubu mpaka shafiti kukana kutuluka. Tinaonanso ngati nip ikulekanitsadi zigawo: titakweza tenishoni yokulungira makina akuyenda, manambala a PET ndi PE sanagwedezeke. Akanagwedezeka, kukanakhala kuti labala yaterera kapena kupanikiza kwachepa, ndipo kusintha kulikonse kwa kutsogolo kukanamaononga zomwe tinali titangokonza kumbuyo.

Chinatsala ndi mpweya. Filimu yothamanga imakoka mpweya n'kulowa nawo pakati pa maleya. Knox ndi Sweeney anapereka fomula yake mu 1971, ndipo tikaikamo manambala athu, theka la dayamita la mamita 0.3, liwiro la mamita 200 pa mphindi ndi tenishoni ya 120 N pa mita, mpweya wolowa popanda chopanikiza umafika cha m'ma maikuloni 60, pafupifupi kukhuthala kwa filimu yomwe. Maleya otere sakhudzana, amayandama. Pakapita maola mpweya umatulukira m'mbali, mpukutu n'kumasuka, uli m'chipinda chofunda cha madigiri 40. N'chifukwa chake unkachoka pa makina ukuoneka bwino n'kukatumphukira m'chipindamo usiku.

Kukweza tenishoni kumathandiza pang'ono chabe: pa fomula yomweyo, kuiwirikiza kawiri kumachotsa pafupifupi 37 peresenti ya mpweyawo. Yofinya mpweya ndi rola yopanikiza. Makina atazimitsidwa, tinapanikiza timapepala tiwiri pansi pa rolayo, kena kumanzere, kena kumanja, n'kukoka. Ka kumanja kanagwidwa zolimba; ka kumanzere kanangosololoka. Silinda ya kumanzere inkataya mpweya pa sili, ndipo poti geji inali imodzi ya masilinda onse awiri, yoikidwa patali pafupi ndi valavu, palibe ankaziona. Tinasintha sili n'kuika geji pa silinda iliyonse. Kuyesa kumeneku kusachitike makina akuyenda. Nip imameza dzanja munthu asanaganize zolibweza.

Za kuzima kwa magetsi sitingazisiye. Buleki ya ufa imadalira magetsi, ndiye akazima imasiya kugwira, mpukutu wa PE wolemera makilogalamu oposa 200 n'kupitiriza kuzungulira wokha ukutaya filimu. Jenereta ikayaka, kompuresa imatenga nthawi kuti ibwerere pa 6 bar. Makina akayambitsidwa mothamanga, shafiti yokulungira, yomwe imafufuma ndi mpweya kuti igwire chubu, siigwira mokwanira ndipo rola yopanikiza imangokhudza pamwamba. Maleya okulungidwa nthawi imeneyo amakhala lamba wofewa pakati pa mpukutu wolimba, ndipo kuterereka kumayambira pamenepo. Tinagwirizana kuti palibe kuyatsa makina geji isanafike pa 6, ndipo paliponse pomwe makina anaima pazimatidwa kapepala kofiira m'mbali kuti a makina odulira adziwe. M'chipinda choumitsira, mipukutu tsopano imapachikidwa pa zitsulo zodutsa mu chubu, osati kuimikidwa pansi kapena kugonekedwa pa paleti, ndipo siisunthidwa mpaka maola olembedwa ndi wopanga guluu atakwana.

Zotsatira ndi zotsala

Mzere wa maka tsopano umatuluka woongoka. Mtanda wa X umagona, kaya chidutswa chachokera poyambira mpukutu wa PE kapena pomalizira. Oda yotsatira inayenda pa makina a kasitomala osakakamira pa kolala, ndi guluu yemwe uja. Pepala la ntchito lili ndi nambala ya chigawo chilichonse payokha, pamodzi ndi taper ndi mpweya wa rola yopanikiza, ndipo kuyeza ndi chingwe kwalowa m'ndandanda wa ntchito za mwezi ndi mwezi, komanso nthawi iliyonse rola ya pa load cell ikasinthidwa.

Mipukutu yobwezedwa sinapulumuke. Guluu akalimba filimu ili yopindika, ndiye kuti yapindikiratu. Kuikulunganso mofewa kapena motembenuza sikuthandiza. PET ndi PE zomatidwa sizisungunukanso pamodzi kuti zibwerere mu makina opangira filimu. Kwa fakitale yomwe PET, guluu, inki ndi timibulu ta PE zonse zimachoka kunja, kudzera ku Beira, Nacala kapena Durban, ndi ndalama zakunja zomwe zimapezeka movutikira, kutaya kotereku kumaluma.

Chomwe sichinathe ndi lamba wolimba pa mipukutu ina, cha ku mbali ya kumanja. Ukagogoda ndi kamtengo kuchoka mbali ina kupita ina, kulira kumasintha pamalopo, ndipo ukayendetsa chikhatho umamva potukuka. Tinayeza PE ndi maikulomita: pamalopo ndi yokhuthalako pang'ono, ndipo malowo sasuntha. Mpukutu wa mamilimita 600 uli ndi maleya pafupifupi 2,900. Maikuloni imodzi yokha yowonjezera pa leya iliyonse, ikamagwera pamodzimodzi, imafuna malo okwana pafupifupi mamilimita 3. Filimu imatanukira pa chotukukacho, ndipo ikafunyululidwa imakhala ndi mzere wolendewera. Kukweza tenishoni pa makina odulira kumangoubisa, umakaonekeranso kwa kasitomala.

Gwero lake lili pa makina ofufumitsa PE. Pamwamba pa nsanja pali gawo lomwe limazungulira uku ndi uku kuti kusiyana kwa kukhuthala kumwazike m'lifupi monse, ndipo tinalipeza litaima, mota yake itapsa. Ina inaitanitsidwa. Pa makina odulira tikugwiritsa ntchito shafiti ya mphete zoterereka payokhapayokha, kuti kampukutu kokhala ndi lamba, komwe kamakula msanga, kasalande tenishoni ya anzake. Mipukutu yomatidwa ya oda iyi tikuilekezera pa mamilimita 500, omwe ndi maleya pafupifupi 2,200 ndi mamita 2,300. Zikutanthauza kusintha mpukutu mphindi 12 zilizonse m'malo mwa pafupifupi 18, ndipo a shifiti ya usiku akudandaula nazo, koma zikhala choncho mpaka motayo itafika ndi kuikidwa.